DAVID GILL, WOKONZA MAWOCHI AMENE ANAPIMA AFRICA NDI NGODYA ZITATU

Pamwamba pa mapiri ambiri a m'dziko lino, kuyambira ku Katete ndi Petauke kufikira ku zitunda za kufupi ndi Ndola, pali tizipilala ta simenti timene anthu amacha mabikoni. Abusa a ng'ombe amapumulirapo, alenje amazindikirirapo njira, ndipo ena anatigumula usiku poyesa kuti Azungu anakwirirapo cuma. Cuma panalibepo. Bikoni iliyonse ndi nsonga ya ngodya imene munthu wina anapima mosamala kwambiri, ndipo ikagumulidwa, cotayika ndi muyeso umenewo. Mabikoni ambiri anamangidwa ndi opima malo a m'zaka za posacedwapa, koma msana umene miyeso yao inatsamirapo unaganizidwa kale ndi munthu wa ku Scotland, Sir David Gill, amene anamwalira m'caka ca 1914.

Gill anabadwa pa 12 June 1843 mu mzinda wa Aberdeen ku Scotland, dziko limene kunacokeranso David Livingstone ndi amishoni a ku Livingstonia ndi Blantyre. Atate ake anali mmisiri wopanga ndi kugulitsa mawochi, ndipo anafuna kuti mwana wao adzatenge sitolo. Mnyamatayo anaphunzira pa koleji ya Marischal, kumene anamvera maphunziro a James Clerk Maxwell, katswiri wa sayansi amene dzina lake linadzamveka pa dziko lonse. Koma anacokapo wopanda digiri, napita kukaphunzira umisiri wa mawochi monga atate ake anafunira. M'caka ca 1869 sitolo inali m'manja mwake, ndipo caka cotsatira anakwatira Isobel Black.

Zaka za m'sitolozo sizinapite pacabe. Wokonza mawochi amazolowera kugwira tizitsulo tating'ono-ting'ono, ndipo amadziwa kuti kacilema kosaoneka ndi maso kamataya mphindi zambiri pa mwezi. Usana Gill anali kukonza mawochi, usiku anali kuyang'ana nyenyezi kuti apeze nthawi yeni-yeni yocherera mawochi a mu mzindawo. Nyenyezizo zinamukoka mtima kuposa malonda. M'caka ca 1872 anavomera nchito yoyang'anira nyumba yoonera nyenyezi ya munthu wina wolemera, Lord Lindsay, pa malo ochedwa Dun Echt, ndipo pambuyo pake anaisiyiratu sitolo ija.

M'caka ca 1874 Lindsay anamutuma ku cilumba ca Mauritius kukaona nthanda pamene inali kudutsa pamaso pa dzuwa. Pobwerera anaima ku Egypt, kumene boma linamupempha kupima mzere woyambirapo mapu a dzikolo pafupi ndi mapiramidi a ku Giza. Kumeneko ndiko anayamba kupima nthaka ya Africa.

Kuti nchito ya munthu ameneyu imveke, pafunika kukumbukira zimene ana amaphunzira m'masukulu a ku Kitwe, ku Ndola ndi kumidzi komwe. Mai aliyense adziwa kuti mphika umakhazikika pa mafuwa atatu. Munthu akalemba mizere itatu pansi kulumikiza mafuwawo, amapeza cithunzi ca mbali zitatu ndi ngodya zitatu, cimene m'mabuku a masamu cimachedwa thirayango. Ngodya zimayesedwa ndi madigiri. Munthu akazungulira pamene waimapo mpaka kuyang'ananso kumene anayang'ana poyamba, wazungulira madigiri 360. Akayang'ana kum'mawa natembenukira kumadzulo, ndi madigiri 180. Ngodya ya nyumba ya njerwa, imene amisiri amayesa ndi sikweya, ndi madigiri 90. Yocepera pamenepo ndi ngodya yakuthwa, yoposa pamenepo ndi ngodya yotambalala.

Lamulo loyamba ndi lakuti ngodya zitatu za thirayango iliyonse yolembedwa pa malo a thyathyathya zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180, kaya thirayangoyo ikule kaya icepe. Wokayika adule pepala la mbali zitatu, ang'ambe nsonga zake zitatu nazigundanitse: zidzagona bwino-bwino pa mzere woongoka. Lamuloli linalembedwa m'buku la Euclid mu mzinda wa Alexandria ku Egypt zaka pafupi-fupi 300 Kristu asanabadwe. Pocokera pamenepo mitundu ya mathirayango imadziwika mosavuta. Ngati mbali zonse zitatu zili zolingana, ngodya zonse zimalingananso, iliyonse madigiri 60. Ngati zolingana zili ziwiri, monga phaso la denga la nyumba lotsikira kuno ndi uko, ngodya ziwiri za m'munsi zimalingana. Ngati mbali zonse zisiyana, ngodyanso zisiyana, ndipo mbali yaitali koposa imayang'anizana ndi ngodya yaikulu koposa. Thirayango singakhale ndi ngodya ziwiri za sikweya, pakuti ziwirizo zingathe madigiri onse 180 osasiyira yacitatu kanthu.

Lamulo laciwiri ndilo linapatsa Gill nchito ya moyo wake wonse. Munthu akadziwa utali wa mbali imodzi ndi ngodya ziwiri za kumapeto kwake, thirayango yonse waidziwa, ngakhale sanapondepo pa nsonga yacitatu. Tiyerekeze munthu afuna kudziwa kukula kwa mtsinje wa Luangwa wopanda kuoloka. Aimirire moyang'anizana ndi mtengo wa kutsidya, kuti njira yoloza mtengowo ipange sikweya ndi gombe. Ayende motsata gombe mpaka pamene ngodya ya pakati pa gombelo ndi mtengo uja ikwane madigiri 45. Ngodya yacitatu, ya pa mtengo, iyenera kukhalanso 45, popeza 90 ndi 45 ndi 45 ndiwo 180. Ngodya ziwiri zalingana, ndiye kuti mbali ziwiri zalingananso: ngati wayenda mamita 100 pagombe, mtengowo uli pa mtunda wa mamita 100 kucokera pamene anayambira. Ng'ona zingodikira pacabe.

Opima dziko amacita cimodzimodzi, koma pa mitunda yaikulu. Amapima mzere umodzi pa malo a cigwa ndi zitsulo kapena mawaya, kubwereza-bwereza. Kucokera kumapeto awiri a mzerewo amaloza phiri ndi cipangizo cochedwa theodolite, nawerengera mtunda wofika kuphiriko. Mbali imene yapezeka imasanduka tsinde la thirayango yotsatira, ndipo comweco unyolo umatambasuka phiri ndi phiri. Iwo amakonda mathirayango a mbali zofanana-fanana, cifukwa thirayango yoonda ngati singano imakulitsa colakwa caching'ono n'kukhala cacikulu.

Katswiri wa nyenyezi alibe mwai wosankha. Thirayango yake ndi yoonda nthawi zonse, popeza nsonga yake ili kutali kosaneneka. Munthu akaimika cala patsogolo pa nkhope natsinzina diso ili kenaka linalo, calaco cimaoneka ngati casuntha. Cikakhala patali, kusunthako kumacepa. Ndi kusuntha kotere kumene Gill anafuna kupima pa nyenyezi ya Mars m'caka ca 1877, pamene inayandikira kwambiri dziko lathu. Anabwereka cipangizo ca Lord Lindsay napita ndi mkazi wake ku Ascension, kacilumba ka miyala yopserera pakati pa nyanja ya Atlantic. Nzeru yake inali yakuti maso awiri aja akhale madzulo ndi mbandakuca: apime Mars madzulo, dziko lizungulire usiku limunyamulire kutali makilomita zikwi zingapo, apimenso m'mamawa.

Masabata oyamba anatha mitambo itaphimba thambo usiku uliwonse, ndipo nyengo ya Mars inali kuyandikira. Amene anapulumutsa ulendowo ndi Mai Gill. Iwo anayenda usiku pa miyala yoceka mapazi kufuna-funa malo oyera, napeza kuti mtambowo unali kungokuta dera limene anamangapo msasa. Katundu yense anasamutsidwira ku gombe lina, limene mpaka lero limachedwa Mars Bay. Kumeneko Gill anapeza ngodya ya masekondi 8.78. Digiri imodzi ili ndi masekondi 3,600, ndipo sekondi imodzi ndi monga kukula kwa cikhadabo ca kacala cikaonedwa pa mtunda wa makilomita 2. Pa ngodya yocepa comweco anawerengera kuti dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 149.8 miliyoni. Makina a masiku ano amapeza 149.6 miliyoni. Mai Gill analemba buku la miyezi 6 imene anakhala pa cilumbaco.

Mbiri ya nchitoyi inamupezetsa udindo waukulu. M'caka ca 1879 anasankhidwa kukhala mkulu wa nyumba ya boma la Britain yoonera nyenyezi ku Cape Town. Mmodzi mwa amene anakhalapo pa mpandowo kale anali Sir Thomas Maclear, bwenzi la Livingstone, amene anali kukonza miyeso yotumizidwa ndi Livingstone kucokera ku Zambezi. Dzina lake ndi lija la Cape Maclear pa nyanja ya Malawi. Maclear anamwalira caka comweco cimene Gill anafika.

Za nyenyezi zimene anacita ku Cape ndi zambiri. M'caka ca 1882 kunaoneka nyenyezi yaikulu ya mcira, ndipo ataijambula anadabwa kuona unyinji wa nyenyezi zina zimene zinatuluka pa cithunzico. Anaganiza zojambula thambo lonse la kumwera. Katswiri wa ku Holland, Jacobus Kapteyn, anadzipereka kuwerenga zithunzizo kwa zaka zoposa 10, ndipo mabuku amene anatuluka pakati pa 1896 ndi 1900 anali ndi nyenyezi zoposa 450,000. Gill anapatsidwa ulemu wa Sir m'caka ca 1900.

Koma cimene cikhudza dziko lino ndi ca pansi. Atangofika ku Cape anayamba kukakamiza maboma a kumeneko kuti dziko lipimidwe ndi unyolo wa mathirayango, popeza mapu a minda sanali kugwirizana ndipo milandu ya malire inali yosatha. Nchitoyo inacitika ku Cape ndi Natal kuyambira 1883 mpaka 1892, motsogozedwa ndi msilikali William Morris. Maganizo a Gill anali atapita kale patali. Anafuna kuti unyolowo utsate mzere wa pa mapu wa madigiri 30 kum'mawa, kucokera kumwera kweni-kweni kwa Africa mpaka ku Cairo, mtunda woposa makilomita 7,000, ndi kuti pambuyo pake ukalumikizane ndi unyolo wina wa ku Ulaya wofika ku Norway. Colinga cinali kudziwa kukula ndi maonekedwe eni-eni a dziko lapansi. Dzikoli ndi lozungulira koma lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kumwera, motero utali wa digiri imodzi sufanana ponse-ponse, ndipo kusiyanako kumadziwika pokha-pokha munthu atapima mtunda wautali.

Pano lamulo la madigiri 180 linasintha pang'ono, ndipo kusinthako kunali umboni. Pa nthaka yokhota ngati cipanda, ngodya zitatu zimapitirira 180. Thirayango yokuta malo a masikweya kilomita pafupi-fupi 200 imapitirira ndi sekondi imodzi. Opima anali kuyesa ngodya zonse zitatu, ngakhale ziwiri zikadakwanira, kuti aziphatikize ndi kuona ngati zapitirira ndi muyeso woyenera. Zikasemphana, kunali kukweranso phiri.

Ndalama za cigawo ca kumpoto kwa Limpopo zinafunidwa kwa Cecil Rhodes ndi kampani yake ya British South Africa Company. Alexander Simms anapima dziko limene tsopano ndi Zimbabwe pakati pa 1897 ndi 1901. M'caka ca 1903 Dr Tryggve Rubin wa ku Sweden anatenga nchitoyo kuti aoloke nayo Zambezi ndi kuloza ku nyanja ya Tanganyika, kudzera m'dziko limene linali kuchedwa North-Eastern Rhodesia, likulu lake Fort Jameson, Chipata wa lero. Mzere wa madigiri 30 umaoloka Zambezi cakumadzulo pang'ono kwa boma la Luangwa, kumene kale kunali kuchedwa Feira, n'kudutsa dera la Serenje ndi madambo a kum'mawa kwa Bangweulu. Kucokera ku Ndola uli makilomita pafupi-fupi 150 cakum'mawa. Nthawi imeneyo Ndola inali itangokhazikitsidwa kumene, m'caka ca 1904. Njanji inafikako mu 1909, ndipo Kitwe kunalibe mpaka 1936.

Gill anali kuyendetsa nchitoyi ndi makalata ali ku Cape. Amene anali m'thengo anakumana ndi zimene mlimi aliyense wa kuno adziwa. M'dzinja kunali mvula, mitambo ndi malungo. M'cilimwe, pamene njira zinauma, utsi wa lupsa unali kuphimba mapiri kwa miyezi, kotero kuti galasi lonyezimiritsa dzuwa, limene linali kuikidwa pa phiri lina kuti wopima alilozetse, silinali kuoneka. Nthawi yabwino inali yaifupi, mvula itangoleka, anthu asanayambe kuocha udzu. Misewu kunalibe, ndipo kashembe anali kupha ng'ombe za ngolo. Mabokosi a zipangizo, mahema ndi ufa zinayenda pa mitu ya amtenga-tenga, ndipo mitengo ya pamwamba pa mapiri inagwetsedwa ndi nkhwangwa za anthu a m'midzi yapafupi. Mabuku a nchitoyi anasunga maina a Gill, Simms ndi Rubin, ndi ngodya iliyonse mpaka kagawo ka sekondi. Agogo amene anasenza theodolite pokwera phiri la Mucinga anawerengedwa monga ciwerengero cabe.

Sikoyenera kubisa kuti kampani ya Rhodes sinapereke ndalama cifukwa cokonda sayansi. Dziko lopimidwa bwino ndi losavuta kuligawa, kuligulitsa ndi kulikhometsa msonkho, ndipo maloto a Gill a unyolo wocokera ku Cape kufika ku Cairo anayenda njira imodzi ndi maloto a Rhodes a njanji ndi ulamuliro. Gill anali munthu wa ufumu wa Britain ndi mtima wonse. Komabe ngodya ilibe mtundu: mapu amene anathandiza kulanda dziko ndi amenenso boma la Zambia linalandira m'caka ca 1964 n'kumangirapo misewu, masukulu ndi minda ya eni dziko.

Rhodes anamwalira m'caka ca 1902, ndipo kampani inatopa ndi nchito yosabweretsa phindu. M'caka ca 1906 ndalama zinaduka, Rubin asanafike ku nyanja ya Tanganyika. Gill nayenso thanzi lake linali litayamba kufooka. Anapuma pa nchito mu 1907 nakakhala ku London, kumene sanaleke kupempha maboma ndi mabungwe kuti unyolo wake upitirizidwe. Analemba buku la mbiri ya nyumba yoonera nyenyezi ya ku Cape, limene linatuluka mu 1913. Anamwalira ndi cibayo pa 24 January 1914, naikidwa kwao ku Aberdeen, m'manda a chalichi ca St Machar. Iye ndi mkazi wake analibe mwana wao-wao, koma analera ana atatu amasiye a mlongo wake.

Kufunika kwa miyeso yotere kunaonekera msanga ku Migodi. Pangano la 1894 linati malire a dziko lino ndi Congo atsate mtunda umene umagawa madzi opita ku Zambezi ndi opita ku mtsinje wa Congo. Pa pepala mau amenewo ndi omveka, koma pa nthaka ya thyathyathya yodzala ndi mitengo ya miombo mtundawo suoneka ndi maso. Bungwe la Angelezi ndi Abelijiyamu linaika zipilala zotalikirana pakati pa 1911 ndi 1914. Mkuwa utapezeka woculuka mbali zonse ziwiri, kuphonya kwa mamita mazana owerengeka kukadatha kusamutsira mgodi m'dziko lina, motero bungwe laciwiri linapimanso malirewo kuyambira 1927 mpaka 1933 ndi kuika zipilala zambiri zoyandikana. Imeneyi sinali nchito ya Gill, koma njira yake inali yomweyo ya tsinde ndi ngodya. Pansi pa nthaka zilinso cimodzimodzi. Pamene magulu awiri a anyamata akumba ngalande ku Nkana kucokera mbali ziwiri kuti akakumane pakati, ndi saveya amene amawauza kolowera, ndipo akaphonya digiri imodzi pa mtunda wa kilomita imodzi, ngalandezo zimasemphana ndi mamita oposa 17. Nsanja ya zitsulo ya pamwamba pa mgodi nayonso ndi yolukidwa ndi mathirayango, cifukwa mitengo itatu yomangidwa nsonga ndi nsonga singapindike, pamene inai imagwera mbali.

Unyolo wa Gill unapitirizidwa pang'ono-pang'ono ndi anthu a maiko osiyana. Martin Hotine anapima cigawo ca ku Tanganyika pakati pa 1931 ndi 1933, ndipo mpata wotsiriza, wa ku Sudan ndi kumpoto kwa Uganda, unatsekedwa m'caka ca 1954 ndi thandizo la opima a ku America, patapita zaka 75 cifikire Gill ku Cape ndi zaka 40 cimwalirire iye. Masiku ano asaveya amapeza malo ndi makina a GPS omvera zipangizo zoyenda mumlengalenga, ndipo sakweranso mapiri kukadikira kuti utsi ucoke. Koma mapu ambiri a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe anajambulidwa pa maziko ochedwa Arc 1950, amene anatenga dzina lake ku unyolo womwewo, ndipo poyambira pake ndi bikoni ya pa Buffelsfontein, pafupi ndi mzinda wa Gqeberha umene kale unali kuchedwa Port Elizabeth.